Mapu atipulumutsa ku Midrand

Moni abale nonse.

Lero kuntchito ku Midrand tinatsala pang'ono kuyamba kukumba maziko a nyumba. Injiniya wathu, mayi Dlamini, anabwera akuthamanga, foni ili m'manja. Anati, "Imani kaye! Mapu a miyala ya pansi akuonetsa kuti pano pangakhale mphako."

Pamapupo malo athu anali ofiira, kusonyeza ngozi. Tinaboola kuti tione, ndipo chitsulo chinangomira chokha, osagunda kanthu! Tangoganizani, dzulo ndinadyera nkhomaliro pomwepo.

Titaweruka mayi Dlamini anandiitana: "Abambo Phiri, dothi mumalidziwa. Bwanji Loweruka lililonse ndizikuphunzitsani kupanga mapuwa pa kompyuta?"

Imvi zayamba kale, koma mtima ukufuna. Abale, inu mukuti bwanji, ndivomere?