Mbuzi Imene Inandiposa Kujambula

Mbiri ya maphunziro a ana m'dera la Nsaru singalembedwe popanda kutchulapo ine. Ndikunena izi modzichepetsa. Ndinaphunzitsa zaka ziwiri pa sukulu ya mkombaphala ya kuseri kwa tchalitchi, ndipo phunziro lokhalo limene anawo akulikumbukirabe linaphunzitsidwa ndi mbuzi.

Ndinali nditangobwerako ku koleji, kumene ndinkaphunzira zoyeza malo mpaka mayeso a chaka chachiwiri atandibweza. Kumudzi anthu ankadziwa kuti ndili pa holide yaitali. Komiti ya mpingo inati indiyese kaye mwezi umodzi. Ndikawasangalatsa, ntchito ndi yanga. Ndikalephera, ndikasoke fodya kwa amalume ku Kabudula. Fodya ndinasokapo kamodzi, ndipo kamodziko kanandikwanira.

Zamakona atatu ndi zamakona anayi tinadutsa mwamtendere. Mavuto anayambira pa chozungulira. Kampasi yanga ndinaisiya m'tauni pamodzi ndi tsogolo langa, choncho ndinangojambula ndi dzanja pa bolodi. Ana anayang'ana mwaulemu. Kenaka kamtsikana ka zaka zisanu, kopanda mano akutsogolo, kanakweza mkono.

"Aphunzitsi, imeneyo ndi mbatata eti?"

"Ndi chozungulira."

"Mbuzi yathu imajambula chabwino kuposa chimenecho."

Linali dzinja, mbuzi zonse zili pa chingwe kuti zisalowe m'minda. Titaweruka kananditengera kuseri kwa nyumba yawo. Udzu unali utadyedwa kuzungulira chikhomo, mosaphonya ndi pang'ono pomwe, ngati wometedwa ndi lezala. Ku koleji chinthu chimenechi tinalimbana nacho teremu yathunthu, ndi zilembo zachigiriki zomwe. Mbuziyo inkandiyang'ana ikubzikula.

Tsiku limene amayi apampando wa komiti ankabwera kudzandiona ndikuphunzitsa, ndinabwereka mbuziyo n'kugula chingwe chatsopano chachitali, kuti ana aone kuti chingwe chikatalika chozungulira chimakula. Chikhomo ndinachikhoma pa udzu wa pakati pa tchalitchi ndi munda wa mtedza. Kamtsikana kaja kanayang'ana chingwe, kanayang'ana munda, kanatsinzina diso limodzi.

"Ifika ku mtedza, aphunzitsi."

"Siingafike."

"Ifika mizere itatu."

Sindinayeze ngakhale ndi mapazi. Munthu woti anagwirapo makina oyezera malo sayeza ndi mapazi pamaso pa ana. Tinalowa kukamwa phala.

Titatuluka tinapeza amayi aja ataima m'mphepete mwa munda, Baibulo lili m'khwapa. M'pamene ndinakumbukira kuti mundawo unali wawo. Mbuzi inali itakoka chingwe mpaka pomaliza n'kudya mtedza mokhota bwino kwambiri, ngati mwezi watsopano. Ndinawerenga mizere. Itatu. Ndinayambiranso mbali inayo. Itatu. Ndinayamba kumva fungo la fodya wa ku Kabudula.

"Kodi aphunzitsi, mbuziyi mwamanga ndinu?"

"Ndi phunziro, mayi."

"Ndaliona. Panalibe wokuuzani kuti ifika?"

Ana onse analoza kamtsikana kaja. Ena analoza ndi masupuni.

"Iwe," anatero amayiwo, "chingwechi chilekezere pati?"

Mwanayo anayenda motsata chingwe, anaima, anabwerera pang'ono, n'kupondapo. Amayi anabwereka mpeni kwa ophika phala n'kudula pomwepo. Ine ndinamanganso mbuzi. Inathamangira ku mtedza, inasolola khosi, inatulutsa lilime, koma tsamba loyamba linatsala patali ngati chikhatho chimodzi. Ana anaomba m'manja. Sankaombera ine.

"Ntchito mupitirize, poti ana aphunzira," anatero amayiwo. "Koma chilichonse chofunika kuyeza muziyamba mwafunsa uyu."

Ndinkamufunsadi, mpaka anapita ku pulayimale. Ngakhale pokhazika mabenchi.

Za mtedza amayiwo sanazitchulenso. Chidutswa chimodzi cha chingwe anachitenga kuti azikayanikapo zovala, chinacho chinapita ndi mbuzi kwawo. Maphunziro onsewa anandidyera K1,500 ya chingwe.