Mayi Arlene Pansi pa Galimoto

Mayi Arlene Tollefson anaphikira ana asukulu ku North Dakota mpaka tsitsi linachita mbuu. Atapuma ntchito, iwo ndi amuna awo a Merle anagulitsa nyumba n'kugula chigalimoto chokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa momwemo. Chisanu chikangoyamba amathawira kuno kuchipululu cha Arizona, monga timachitira tonsefe. Ntchito anagawana kalekale: zam'kati ndi za mayi, zapansi pa galimoto ndi za bambo.

Ndiye a Merle anadwala sitiroko. Mwendo wakumanzere unayamba kukwakwaza, dzanja kumanjenjemera. Pakamwa pokha ndi pamene panatsala pabwinobwino. Chiwongolero anatenga mayi.

Chaka chino atangofika, sitepe yapakhomo inafa. Ija yamagetsi, yoti ukatsegula chitseko imatuluka yokha, vuuu, ukatseka n'kubwerera. Inangoti phee kunsi. Popanda iyo, kuchokera pakhomo kufika pansi m'patali. Mayi ankatsika chokhala. Bambo ayi ndithu. Ankangosuzumira pazenera anzawo akumwa khofi padzuwa.

Mwana wawo Kristi sanapite m'mbali pafoni. "Amayi, adadi sangakhale otsekeredwa ngati mbalame. Zikapanda kusintha ndikubwera, galimotoyo tigulitsa. Malo ndawapezera kale kunyumba yosamalirako okalamba."

Amakanika oyendayenda onse anali ndi mzere wautali, poti nyengo ino chipululu chimadzaza. Mayi Arlene anayala thawulo pamiyala, n'kulowa chagada pansi pa galimoto, koyamba chibadwire.

"Mwazula fyuzi?" anafuula a Merle ali pakhomo. "Chinthucho chikadzuka chidya zala zanu, ndiye andiphikire ndani?"

"Ndazula, bwana. Fyuziyo ndi yamoyo, ndayiyang'ana padzuwa."

"Basi tengani hamala. Mota wake ndi kachitini kakudako. Kapatseni kawiri, go! go!"

Mayi anaunika ndi tochi. Kachitiniko kanali kophwanyikaphwanyika ngati poto wakusukulu.

"A Merle! Zaka zonsezi mukamati ndikukakonza sitepe, mumabwera kudzaimenya?"

"Imamva imeneyo! Kafunseni aliyense pamsasa pano, tonse timatero."

"Ine n'kumakuphikirani keke, ati amuna anga ndi injiniya!"

Anamenyabe, go! go! Anabwezera fyuzi, anasendera kutali, bambo n'kutseka chitseko n'kuchitsegulanso. Kunangomveka kakuti tcha. Kagetsi kounikira sitepe kanayaka mofooka ngati kali ndi tulo, n'kuzima.

Mayi anagona pomwepo n'kumaganiza. Amadziwa sitovu: moto ukamafika wochepa, sumenya poto, umayang'ana njira ya moto. Anazulanso fyuzi n'kutsata mawaya ndi chala, mmodzimmodzi. Waya wobiriwira anakathera pa bawuti yomangidwa kuchitsulo cha galimoto. Bawutiyo inali itatupa ndi dzimbiri, yokutidwa ndi zoyera ngati ufa.

"Pali waya wadyedwa kuno. Zoyerazi n'chiyani?"



"Mchere," anatero a Merle, mawu atatsika. "Uja amathira mumsewu kwathu kuti chipale chofewa chisungunuke. Tikangotuluka m'dera lachisanu ndinkatsuka kunsi konse ndi paipi."

"Liti? Sindinakuoneniko."

"Inu mukamakagula masangweji."

Mayi anayang'ana chitsulo chonse chili pamwamba pa nkhope yawo. Chiyambire kuyendetsa iwo, palibe anatsukapo. Munthu uyu ankadzitama ndi hamala pagulu, koma ntchito yeniyeni ankaigwira chinunu, iwo ali pamzere m'sitolo kudandaula kuti amuna awo safuna kuthandiza kunyamula majumbo. Nanga ndi zingati zina zomwe ankachita osanena, zomwe panopa zikungodikira tsiku lake?

"Mwagona kumeneko, agogo?"

"Khalani chete, nkhalamba inu. Ndiponyereni sipanala yaing'ono ndi kachikwama kanga ka zodzola."

"Mukufuna kudziphoda pansi pa galimoto?"

Anamasula bawuti movutikira, ikulira kwiii. Anatenga kachitsulo kopalira zikhadabo n'kupala mutu wa waya ndi chitsulo chomwe, mpaka zonse zinawala. Dzimbiri linawagwera m'tsitsi ndi m'kamwa. Anamanga zolimba, anapaka mafuta pang'ono, anabwezera fyuzi n'kutuluka chokwawa.

"Tsekani. Tsegulani."

Vuuu, kha! Sitepe ija panja.

A Merle sanathamange. Anaima pakhomo nthawi yaitali, dzanja lili gwa pachogwirira, akuyang'ana pansi. Mayi anayandikira n'kupereka phewa. Mwendo wabwino unatsogola, winawo n'kutsatira mochedwa, mpaka nsapato zonse zinaponda miyala.

"Hamala ndi imene yathandiza," anatero bambo, akupumira m'mwamba.

"Eya, injiniya."

Anawasiya akukwakwaza mwendo kulowera komwe kunali anzawo. Mayi anakhala pa sitepe paja n'kumalavula dzimbiri. Ankadziwa kuti Kristi sakulakwa, tsikulo lidzafika ndithu, ndipo palibe waya woti adzapale. Koma si chisanu chino.

Foni inalira m'thumba.

"Amayi, ndaona ndege ya Loweruka. Ndipatseni adadi ndiwauze ndekha."

"Adadi ako?" anatero mayi Arlene, akupukuta manja pathalauza. "Udikire ndikawasake, mwana wanga. Atuluka."