Mlatho wa Matabwa Panjira ya ku Chifunda

Ndinafika ku Chama ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, atandisamutsa ku Chipata kuti ndikakhale kapitao wa gulu lokonza misewu. Gululo linali la amuna asanu ndi mmodzi, thirakitala imodzi yokonda kudwala, mafosholo, mapiki ndi wilibala. Gireda yosalaza misewu tinkangoimva mbiri. Zokwirira maenje aliyense amatha, koma ntchito yanga yeniyeni inali ya milatho, ndipo pa imeneyo sindinkaopa kutsutsana ndi munthu aliyense m'boma lonselo.

Mwezi wanga woyamba ndinayendera milatho yonse ya panjira yodzera ku Tembwe mpaka ku Chifunda, pa njinga. Ndikafika pamlatho ndinkatsamiritsa njinga pamtengo n'kutsikira kunsi ndi hamala komanso kachitsulo kosongoka. Mtanda wonyamula matabwa ukakhala wamoyo, ukaumenya umalira kuti ngwee, hamala n'kudumpha. Wodyedwa ndi chiswe umangoti phu, ngati dzungu lowola. Zitsulo ndinkazipala dzimbiri kuti ndione zatsala zochindikala bwanji. Anthu odutsa ankangoona njinga yopanda mwini, ndipo tsiku lina amayi ena anakauza anzawo kuti munthu wa boma wadyedwa ndi ng'ona mumtsinje wopanda madzi.

Mapepala onena zaka za milathoyo sindinawapeze, choncho ndinkafunsa anthu. Pa kamtsinje kena, chakufupi ndi Chifunda, panali mlatho wa matabwa okhala pa mitanda ya tsanya, mtengo umene kuchigwako amati mupani, ndi nsanamira ziwiri za miyala. Kuuyang'ana unkachititsa chisoni. Matabwa anali atachita mbuu, ena atapindika, zotchingira m'mbali zitagwetsedwa ndi njovu. Bambo wina wachikulire, mlimi wa mpunga wa m'mudzi wapafupi, anandipeza kunsiko n'kukhala pamwala kundionerera. Ankayankhula Chisenga, ine Chinyanja, koma tinamvana. Anati miyala ya nsanamirazo anaisenza nawo iye asanakwatire, pomwe manje adzukulu ake ali pabanja. Anati anakumba mpaka anapeza thanthwe, mzungu woyang'anira akukana kuti asiye, ndipo mitengoyo anaidula m'chilimwe n'kuisiya chaka chathunthu iume. Nditawerengera, mlathowo unali utapitirira zaka makumi anayi. Hamala yanga inavomereza mawu ake. Chowola chinali chapamwamba chokha.

Chakumtunda pang'ono, pomwe njira yatsopano inkadutsa, panali powolokera pa konkire, pa makalavati atatu, mapaipi akuluakulu odutsitsa madzi kunsi. Anamanga ndi kontirakitala wina zaka zochepa ndisanabwere. Panali poyera, posalala, ndipo madalaivala onse ankadzera pamenepo. Koma nditatsikira kunsi ndinapeza kuti anangoika pamchenga. Madzi a mvula ziwiri zitatu anali atakokolola mchengawo, pansi pake n'kutsala phanga. Ndinalemba lipoti, ndinalembanso lina, kenako ndinadula minga n'kutseka njirayo kuti galimoto zolemera zisadutsepo. Anthu sanasangalale nane.

Kenako chinabwera chilala chija, chaka cha chimanga chachikasu. Kuchigwa kunauma mpaka mpunga wa m'madambo unapserera usanabereke. Tinamva kuti malole a chimanga cha chithandizo ayamba kupita ku Chifunda, ndipo ndinadziwa kuti onse adzafika pakamtsinje kaja. Ndinatenga gulu langa lonse kukamanga msasa kumeneko. Matabwa atsopano tinalibe okwanira. Tinasankha olimba mwa akale, n'kuyala mizere iwiri yolunjika pomwe matayala adzapondepo, pamwamba penipeni pa mitanda, n'kumanga ndi mabawuti amene tinachotsa pa ngolo yakufa ya thirakitala.

Lole yoyamba inafika masana, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Dalaivala anali munthu wamfupi, wonenepa, wa ku Lusaka, thaulo lili pakhosi. Anaima panjira yatsopano n'kuyamba kuchotsa minga yanga. Nditamuuza kuti adzere kumlatho wakale, anapita kukauona, n'kubwerako akuseka. Anati iye wayendetsa malole zaka zambiri, ana ake ndi asanu, ndipo sanabwere kuchigwa kudzafera pa nkhuni.

"A kapitao, manje mufuna nisiye simenti nikwere pa chisakasa?" anatero.

Sindinakangane naye. Ndinamupempha kuti titsikire limodzi kunsi kwa makalavati. Ndinatenga nsungwi yaitali kuposa anthu awiri, n'kumupatsa kuti ailowetse yekha pansi pa konkire. Inalowa yonse osagunda kanthu. Anagwada, n'kusuzumira, ndipo kuwala kwa tsidya lina kunamuonekera. Anadzuka akupukuta khosi.

Komabe za mlatho wakale sanazivomere. Anati bola titsitse matumba onse, anthu awolotse pamutu, lole idzere mumchenga. Ndinamuuza kuti mumchenga umenewo ngakhale thirakitala yathu imatitimira, ndipo malole ena akubwera m'mbuyo mwake. Tikayamba kutsitsa lero, tizitsitsa mpaka mvula. Anthu a m'midzi anali atayamba kusonkhana tsidya linalo, amayi ambiri ali ndi madengu opanda kanthu. Ankangoyang'ana lole.

Ndinamutengera kunsi kwa mlatho wakale n'kumupatsa hamala. Anamenya mtanda woyamba, wachiwiri, mpaka onse. Kenako ndinadula ndodo n'kuiimika pamwala pakatikati pa mlatho, nsonga yake itatsala zala zitatu kuti ikhudze mtanda. Ndinamufotokozera kuti mtanda uyenera kuwerama pang'ono katundu akakwera, koma ukafika pokhudza ndodoyo ndiye kuti ndalakwitsa, ndipo ndidzakuwa kuti abwerere.

"Ndiye mudzaiona bwanji ndodoyo?" anafunsa.

"Ndikhala pompano."

Dalaivala anakwera kumtunda. Sindinachite zimenezo pofuna kudzionetsa. Panalibe njira ina yoonera mtanda ukuwerama, ndipo mitandayo ndinali nditaigogoda kambirimbiri. Nditakhala pansi ndinaona kuti bambo wa mpunga uja watsika nayenso, wakhala pamwala wake uja. Ndinamuuza kuti achoke. Anandiyankha kuti miyalayo anaika ndi iye, ine ndine mlendo.

Lole inakwera ndi giya yoyamba. Fumbi ndi zitosi za mileme zinatigwera m'maso. Matabwa analira ngati akuthyoka pamene matayala a kumbuyo anafika pakati. Ndinayang'anitsitsa nsonga ya ndodo. Mpata unachepa ndi chala chimodzi, n'kuima pomwepo. Lole itatsika tsidya linalo, mtanda unabwerera m'malo mwake. Kumtunda amayi anayamba nthungululu. Bamboyo anangosasa fumbi pachipewa chake n'kufunsa ngati ndili ndi fodya.

Dalaivala uja anabweranso maulendo angapo, ndipo ndi iye amene ankauza anzake ku Lundazi kuti akafika pakamtsinjeko asanyengedwe ndi simenti. Malole onse a chaka chimenecho anadutsa pamatabwa, imodziimodzi, ine kapena mmodzi wa anthu anga akuwatsogolera ndi manja. Mkazi wanga anamva nkhani yoti ndinakhala kunsi kwa mlatho lole ikudutsa kumsika wa ku Chama ine ndisanafike kunyumba. Sanandikalipire. Anangondifunsa ngati boma linandilemba ntchito yokhala nsanamira, ndipo sabata yonse sanandiyankhule bwino.

Powolokera pa konkire paja sipanagwe msanga monga ndinkaganizira. Panakhala mvula zina ziwiri, njinga ndi ngolo zikudutsa bwinobwino, anthu ena n'kumati kapitao ananama. Tinapagwetsa tokha pambuyo pake, titapeza miyala ndi simenti yomangiranso kuyambira pathanthwe.

Mlatho wakale ndinautseka ndine, patapita zaka zinayi. Madzi osefukira a chaka china anabwera ndi chimtengo chachikulu chimene chinagunda nsanamira imodzi n'kuisuntha. Mng'alu wake unali wolowa dzanja langa lonse. Anthu omwe aja amene sanasangalale nane nditatseka njira yatsopano anabwera kudzandichonderera kuti ndiusiye, poti unawadyetsa m'chaka cha njala. Ndinawauza kuti ndinaudalira uli wolimba, ndipo manje sulinso wolimba. Tinamasula mitanda ija umodziumodzi. Inayi inali ikadali yabwino, ndipo tinaikoka ndi thirakitala kukamangira kamlatho ka oyenda pansi pafupi ndi sukulu ina ya ku Tembwe, pomwe ana ankalephera kuwoloka m'dzinja. Pobowola mabowo a mabawuti tinathyola nsonga ziwiri za chiboolero, ndipo ntchito ya masiku atatu inatitengera sabata yathunthu.