Mtanda wa M'buti

Ndinanyamuka pa Ngara Lachiwiri 6 koloko m'mawa, galimoto titailiza ndi batire la boti la mnansi wanga. Galimotoyi anandigulira mwana wanga wamkazi, ndipo kwa miyezi itatu inali ndi matenda awiri. Ikagona tsiku limodzi, batire linkatheratu. Alamu nayo inkangolira yokha, popanda woikhudza. Ndinagula batire latsopano, nalonso linafa. A mpingo anabwera kudzaipempherera, inalira pemphero lili m'kati. Choncho ndinaganiza zopita ku Songwe, kwa fundi wa zamagetsi dzina lake Gwamaka.

Ndinali ndi ganizo langa, koma sindinauze munthu. Mng'ono wanga Lusekelo anamwalira ku Kaporo kalekale, ine ndikuyendetsa lole. Akudwala ananditumizira kalata. Kuwerenga sindinkadziwa, ndipo kupempha wina ndinachita manyazi. Pa maliro mkazi wake Tusekile anandifunsa ngati kalata inafika. Ndinati ayi, ndipo sindinapondenso pakhomo pake. Nditalowa sukulu ya kwacha, imvi zili mbuu, ndinaitulutsa m'sutikesi. Inali ya mzere umodzi: "Akulu, bwerani ndi lole mudzanditengere kuchipatala." Ndiye alamu ikalira, ine ndinkadziwa amene akuitana.

Pa boma ndinafika cham'ma 7, n'kuima kuti ndithire petulo wa K30,000.

"Zimitsani injini, adada," anatero mayi wothira mafuta.

"Ndikazimitsa ndigona pano."

"Mukapanda kuzimitsa tigona tonse kumanda."

Ndinazimitsa. Poliza inatsokomola kawiri, kenaka inavomera.

Pa rodibuloko ndinapeza wapolisi wa kum'mwera. "M'butimo muli chiyani, madala?"

"Mtanda."

Anandiyang'ana, n'kukweza chitsulo osafunsanso. Sindinaname. Unali mtanda wachitsulo umene ndinawotcheretsa, dzina la Lusekelo ndinalembapo ndekha ndi penti yoyera. Ndinauika m'buti kuti ndikauzike pa manda ake, koma Loweruka lililonse pankapezeka chifukwa.

Pa Kaporo ndinadutsa maso ali pa msewu. Msewuwo ndi wokumbika kumene madzi anadya, choncho palibe angandinene.

Ku Songwe ndinafika 10 koloko. Gwamaka ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa malole odikira mapepala.

"Karibu, mzee. Ikudwala chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, kupatula za Lusekelo. Anamasula waya wina wa batire, n'kulumikiza mita yake pakati. "Mwaona? Kiyi ali m'manja mwanu, koma china chake chikudya moto." Anayamba kuzula mafyuzi, imodziimodzi, maso ali pa mita. Ine ndinagula chipisi cha mazira cha K3,500, n'kumadya chiimire. Pa fyuzi yachisanu ndi chimodzi manambala anatsika.

"Ndi ya magetsi a m'kati. Nanga zilembo zofiira izi zinayamba liti kuyaka?" Ankaloza kutsogolo kwa chiwongolero.

"Kale. Ndi Chijapani."

"Munafunsa munthu?"

Ndinapukusa mutu. Ndinaphunzira kuwerenga nditakalamba, galimoto n'kubwera ndi zilembo zina.

Gwamaka anatsegula buti, anaona mtanda, n'kuvula kapusi. Kenaka anayatsa kamera ya foni yake, anaiika m'butimo, natseka. Atatsegula tinaonera limodzi. Munali mowala ngati m'sitolo. Dzina la Lusekelo linkawerengeka bwinobwino.

"Mtandawu watalika ndi chala chimodzi, mzee. Buti ikuoneka yotseka koma sikugwira, n'zimene zilembo zofiira zija zikunena. Babu ikuyaka osapuma, batire likutha. Mphepo ikagwedeza, alamu ikuyesa wakuba."

"Basi?"

"Basi. Mwauyendetsa nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi itatu."

"Mwini wake akudikiratu. Mankhwala ndi kuutsitsa. Koma osati pano, makasitomala angathawe."

Pobwerera ndinakhota pa Kaporo cham'ma 1 koloko. Tusekile ndinamupeza akuyanika mpunga pa lona. Wakalamba, koma maso ndi omwe aja. Nditatseka chitseko cha galimoto alamu inayamba, nkhuku n'kubalalika. Anadikira mpaka nditaizimitsa.

"Mlamu," ndinatero, "kalata ija ndinalandira."

"Ndikudziwa. Amene ndinamutuma anandiuza kuti anakupatsani m'manja."

Anatembenuza mpunga ndi phazi. Ndinatsegula buti. Anawerenga dzinalo pang'onopang'ono.

"Walemba ndani?"

"Ine."

"S wapendama." Anapukuta manja pa chitenje. "Khasu lili kuseri kwa khitchini. Mudye kaye mbalagha ya nthochi ndi nyama, manda sathawa."

Ndinakhala ku Kaporo masiku awiri. Galimoto inagona pansi pa mgwalangwa osalira, ndipo Lachinayi nditailiza kamodzi kokha inavomera. Gwamaka akuti vuto linali babu, ndipo ndi munthu wodziwa ntchito yake. Ine chimene ndaphunzira n'chochepa: ndikaona zilembo zimene sindikuzidziwa, ndimafunsa tsiku lomwelo.