Chingwe cha a Kopolo

Ndikukumbukira kuti ndidali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndidaba chingwe. Liwu lakuti "kuba" ndalisankha mwadala, pakuti kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza kuti ndidangobwereka. Izi zidachitika m'mudzi mwathu, kumunsi kwa phiri la Zomba, dziko lathu lisanalandire ufulu. Chimene chandichititsa kuzilemba tsopano, imvi zili mbuu, ndi chitsulo china chozizira cha pa masitepe a nyumba ina kuno ku Bradford.

Mwana wanga Mphatso ndi loya. Iye ndi mnzake, mayi wa konkuno dzina lake Helen, ali ndi kaofesi ka zipinda ziwiri m'nyumba yakale ya miyala yakuda. Ntchito yawo ndi yothandiza asilikali amene adavulala kunkhondo: kuwalembera madandaulo, kuwaperekeza kwa madokotala, ndiponso kuwayankhulira pamaso pa oweruza kuti alandire chisamaliro chowayenera. Ine, chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi ndiponso chimwalirireni mayi a Mphatso, ndimakhala kwa mwana wangayu, ndipo Lachisanu lililonse ndimakwera basi kupita kuofesiko kukawiritsa tiyi ndi kulandira alendo.

Lachisanu lina m'mwezi wa Disembala ndidapeza awiriwa ali panja, atavala zipewa zofiira, akuseka. Khomo la ofesiyo lili pamwamba pa masitepe asanu ndi awiri, ndipo m'mbali mwa masitepewo muli chitsulo chimodzi chogwirira pokwera. Chitsulocho adali atachikulunga chonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndi zingwe zonyezimira, timagetsi tothwanima ndi masamba apulasitiki okhala ndi timinga.

"Dadi, mwationa? Tikudekoleta!" adafuula Mphatso.

"Mukukongoletsa," ndidatero. "Liwulo lilipo, silidafe."

"Chabwino, aphunzitsi, tikukongoletsa. Nanga sizinakongole?"

Ndidaika dzanja pa chitsulocho. Zala zanga sizidapeze pogwira. Zonyezimirazo zidaterereka m'dzanja mwanga, ndipo kaminga kena kadandibaya pachala.

"Lolemba kukubwera ndani?" ndidafunsa.

"Craig, teni koloko."

Craig ndinkamudziwa. Ndi mnyamata wamtali, wanthabwala, amene bomba lokwiriridwa mumsewu lidamulanda maso onse awiri ndi mwendo wamanzere, kotero kuti amayendera woikirira.

"Chotsani zonsezi pa chitsulo ichi."

"Aa, Dadi! Ola lathunthu tili pachisanu pano, zala zachita kuuma. Chalakwika n'chiyani?"

"Lowani, ndiwiritse tiyi. Ndikuuzeni za amalume anga."

Ndidawafotokozera m'Chingelezi chifukwa cha Helen. Pano ndiilemba nkhaniyi m'chiyankhulo chimene idachitikiramo.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, adapita kunkhondo ku Burma ine ndisanabadwe. Adabwerako ndi chipewa chachikulu cha usilikali ndi mamendulo awiri, koma maso adawasiya komweko. Mudzi wonse unkawatchula kuti a Kopolo. Ankakhala m'kanyumba kawo kuseri kwa nyumba yathu, ndipo ntchito yawo idali yopota zingwe za khonje, zomangira mbuzi ndi katundu wa panjinga. Akafuna kundituma sankaitana dzina. Ankagogoda kachitini kawo ka fodya katatu, ine n'kuthamanga.

Chingwe chabwino koposa zonse adadzipotera eni ake. Chinkayambira pakhomo la kanyumba kawo, n'kudutsa pa timitengo tozika tofika m'chiuno, mpaka pa mtengo wa mango pamene ankakhala masana. Chingwecho chidali ndi mfundo, ndipo mfundo iliyonse idali ndi uthenga wake. Imodzi inkatanthauza kuti pali mwala, phazi likwezedwe. Ziwiri zinkatanthauza kuti apa ndi pokhotera kuchimbudzi. Zitatu zinkati mwafika pa mango, khalani pansi. Kupitirira mangowo kudali nthochi ndi nsenjere zowirira, ndipo kuseri kwake nthaka inkathera pa chigwembe cha mtsinje wa Likangala. Amayi adatiletseratu kuyanikapo zovala kapena kuchitapo katungwe.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu, a Chiwaya, adapeza mapepala ofiira, obiriwira ndi achikasu, ndipo adati ana a sukulu tikongoletse tchalitchi tsiku loti mawa ndi Khirisimasi. Mapepalawo tinkawadula timizere n'kuwamata ndi phala la chinangwa. Chimene chidasowa ndi popachika. "Aliyense abwere ndi chingwe," adatero aphunzitsi. Ndinkadziwa kuti anzanga abweretsa luzi lalifupilifupi loti azichita kulumikiza. Ine ndinkafuna chingwe chimodzi choyambira khoma ili mpaka khoma ilo, kuti aphunzitsi anditchule dzina pamaso pa onse.

M'mawa wa tsikulo amayi adalawirira kumsika kukagula mpunga. Kumwamba kudali bii, ndipo amalume ndinkawamva akutsokomola m'kanyumba kawo. Ndidadziuza kuti kukachita mitambo chotero a Kopolo satuluka. Ndidadziuzanso kuti sinditenga chonse: ndisiya gawo la kuchimbudzi, nditenga la ku mango lokha, ndipo ndidzabwezera Khirisimasi ikatha. Choncho ndidadula chingwecho pa mfundo ziwiri, ndidamasula mbali ya ku mango, ndidachikulunga paphewa n'kuthamanga.

Aphunzitsi adanditchuladi dzina. Adachikoka chingwecho ndi manja awiri n'kunena kuti chimenechi ndiye chingwe, zinazi ndi ndevu za chimanga. Tidachimanga pamwamba, kutsogolo kwa guwa, n'kuchidzaza ndi mapepala. Kenaka mvula idayamba, ya mphepo, yochita kusokosa pa malata kotero kuti sitinkamvana. Ine ndidali wokondwa ngati mwana wa mfumu.

Idali pafupi kukata, cha kumasana, pamene amayi adalowa m'tchalitchimo atanyowa chinyowere, opanda mpango kumutu.

"Aphunzitsi, mwawaonako achimwene? M'nyumba mulibe, pa mango palibe."

Aphunzitsi asanayankhe, amayi adakweza maso. Pamwamba pa guwa, pakati pa pepala lofiira ndi lachikasu, pankalendewera mfundo zitatu.

"Eliya." Sadakweze mawu, ndipo chimenecho ndicho chidandiopsa. "Wachidula pati?"

"Pa mfundo ziwiri, amayi."

Aphunzitsi adathamangira panja n'kuyamba kumenya chitsulo chimene tinkachiyesa belu, osalekeza, monga amachitira nyumba ikapsa. Amuna adatuluka m'nyumba zawo. Tonse tidathamangira kwathu, ndipo ndidawaonetsa kamtengo pamene chingwe chinkathera. Mapazi a amalume mvula idali itawafufuta. Anthu adagawikana, ena kuminda, ena kumsewu, koma ambiri adatsetserekera kumtsinje, pakuti aliyense ankadziwa kumene nthakayo idapendekera.

Likangala adali atadzaza, madzi ali ofiira, akukokolola mitengo ya nthochi yathunthu. Mphindi zingapo zitapita, bambo wina adatulukira m'bango atanyamula chipewa cha usilikali chodontha madzi. Amayi adakhala pansi m'matope n'kutsegula pakamwa kuti alire, koma mnansi wathu, a Nachisale, adawagwira pakamwapo.

"Osalira munthu tisanamuone! Mukufuna kumuitanira imfa?"

Ine sindidathe kuyang'ana chipewacho. Ndidathawira m'nsenjere, osati kukafunafuna, koma kukabisala. Masamba ankandicheka m'miyendo ndi kumaso, ndipo ndinkati andicheke, n'zondiyenera. Nditafika pakati pa tchirelo ndidaima kuti ndipume. M'phokoso la madzi ndidamva kanthu kena kakang'ono. Ngo, ngo, ngo. Kadaleka. Kenaka kadayambanso. Ngo, ngo, ngo.

Ndidatsata kulirako. Amalume adali atakhala pansi, miyendo atatambasula, mutu uli pamtunda, akugogoda kachitini kawo ndi mwala. Patsogolo pawo, mapazi awiri okha, nthaka inkagumukira m'madzi chibumachibuma.

"Ndani?"

"Ndine Eliya, amalume."

"Usathamange. Nthaka ikunjenjemera pano. Bwera chokwawa, undigwire kolala, tibwerere cham'mbuyo."

Tidakwawa chotero mpaka tidafika pa nthochi, ndipo pamenepo m'pamene ndidayamba kuitana anthu. Ndidafuula mpaka kukhosi kudawawa. Amuna aja adafika akupuma mwawefuwefu, ndipo amalume adawalandira ndi mawu amene mudzi udawabwereza kwa zaka zambiri: "Mwachedwa, asilikali inu. Kukadakhala kunkhondo, nonsenu bwenzi mukukumba maenje ngati chilango mpaka dzuwa kulowa."

Anthu adaseka kuseka kwa munthu amene watula katundu wolemera. Amayi ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, uku akuwamenya amalume paphewa ndi chipewa chonyowa chija. Ine ndidangokhala pansi.

Akuwotha moto, amalume adafotokoza. Atafika pa mfundo ziwiri n'kupeza chingwe chatha, adaganiza kuti mbuzi yatafuna. Adati mumtima mwawo, mapazi makumi awiri okha, njira yoyendamo tsiku ndi tsiku, ndilephera bwanji? Ali pakati, mvula idafika, mphepo idawalanda chipewa n'kuwatembenuza, ndipo phokoso lidawatseka makutu. "Nditamva madzi kutsogolo ndi kumanja komwe, ndinakhala pansi," adatero. "Msilikali akasochera sayenda."

Amayi adali atathyola kale kamtengo ka pichesi. Amalume adamva akukasadza masamba.

"Mlongo, taya kamtengoko. Mkwapulo uphunzitsa matako okha. Ndipatse mpango wako."

Adandimanga mpangowo kumaso ndi manja awo, mfundo yolimba ya munthu wopota zingwe. Adandiimika pa kamtengo ka mfundo ziwiri n'kunena kuti, "Pita pa mango." Ndidaseka mumtima, pakuti mangowo ndinkawakwera tsiku lililonse. Ndidayenda mapazi khumi molimba mtima. Kenaka ndidayamba kukayika. Bwalo limene ndidabadwirapo lidakula ngati dambo. Ndidagunda nkhokwe ndi mphumi, ndidatembenuka, ndidaponda m'mphika wa nkhuku, ndipo pomaliza ndidagwa m'ngalande n'kuyamba kulira, manja ali m'mwamba, kufunafuna chogwira.

"Wafika?" adafunsa amalume.

"Sindikudziwa pamene ndili."

"Eya. Tsopano katenge chingwe chija."

Aphunzitsi adali atachimasula kale. Ndidachibweretsa mapepala ali pomwepo, poganiza kuti mwina amalume akondwera kuti njira yawo nayonso yavala za Khirisimasi. Adachilumikiza okha, kenaka adayendetsa dzanja pamwamba pake. Mapepala onyowawo adawamatirira ku zala, ndipo phala la chinangwa lidachititsa chingwe kuterera. Pamene padali mfundo zitatu sadazipeze.

"Chotsa zonsezi, ukatsuke ndi mchenga. Maluwa akowa ndi a anthu a maso kumutu. Maso anga ali m'dzanja ili, ndiye usawaphimbe." Kenaka adati, "Ukadapempha, mphwanga, ndikadakupotera chako."

Ndipo adachipotadi madzulo omwewo, ine ndikuwapatsira khonje, kotero kuti tchalitchi sichidagone chosavala.

Nditamaliza, tiyi adali atazizira. Helen adangoimirira, n'kuvala magolovesi, n'kutuluka. Mphatso adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi, Dadi, osandiuza kuti ndinabadwa kwa wakuba?"

"Sudafunse. Tiye, mnzako akumasula yekha."

Zonyezimirazo tidazipachika pa mawindo ndi pamwamba pa chitseko, pamene dzanja la munthu silifunapo kanthu. Chitsulo tidachipukuta mpaka chidatsala chakuda monga chidalili. Helen adakagula nthambi zenizeni za paini ndi malalanje, n'kuziika m'mbale patebulo la alendo.

Lolemba si tsiku langa, koma ndidapita. Usiku wake madzi adali ataundana pa masitepe, ndipo ngakhale tidathirapo mchere, pena padatsala poterera. Craig adatsika m'takisi ndi ndodo yake yoyera. Ndidafuna kumugwira mkono, koma adakana mwaulemu, monga amachitira nthawi zonse. Dzanja lake lamanja lidafufuza m'malere kamodzi kokha n'kupeza chitsulo. Ndidawerenga naye masitepe chamumtima. Pa sitepe yachisanu mwendo woikirira uja udaterereka, thupi lonse lidapendekera m'mbuyo, ndodo idagwa n'kugubudukira pansi. Dzanja lidagwira, ndipo silidasiye. Mnyamatayo adatulutsa liwu limene sindingalilembe m'chiyankhulo chilichonse, kenaka adaseka n'kumaliza masitepe awiri otsalawo. Nditatembenuka ndidaona Mphatso pakhomo, atagwira pamtima ndi manja onse awiri.

Craig atalowa adaima, n'kukoka mpweya. "Muno mukununkhira paini ndi malalanje," adatero m'Chingelezi. "Kani mwakongoletsa!"

Ndidatola ndodo ija n'kukawiritsa tiyi, pakuti sindinkafuna kuti ana andione nkhope.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija lidali lakuti usatenge chinthu cha mwini osapempha. Limenelo ndi loona, koma ndi laling'ono. Ine sindidawalakwire amalume chifukwa chowada. Ndidawalakwira ndili wokondwa, ndikuchita chinthu chokoma, chimene aphunzitsi adachiyamika ndipo mpingo ukadachiombera m'manja. Mphatso ndi Helen nawonso ndi anthu amene moyo wawo wonse adaupereka kwa ovulala, komabe m'chisangalalo chawo adaphimba chinthu chimodzi chokhacho chimene mlendo wawo ankachidalira. Munthu wamaso akaona chingwe kapena chitsulo amaona popachika maluwa. Kuti aone njira ya mnzake, ayenera kuyamba watsinzina.

Ndi chifukwa chake Lachisanu lililonse, ndikatsika basi n'kufika pa masitepe aja, ndimayang'ana uku ndi uku ngati palibe wondiona. Kenaka ndimagwira chitsulo, ndimatseka maso, n'kukwera.