Mvula imene ndinanyamula kupita ku Machinjiri

Ndinanyamuka ku Chilomoni Loweruka m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma pakhosi. M'chikwama munali foni yotchipa, ndipo m'foniyo munali apu imene ine ndi mnzanga Yamikani tinaivutikira chaka chathunthu, yothandiza munthu kupuma pang'onopang'ono kuti mtima ukhale m'malo. Ndinkapita nayo kwa achemwali anga a Esinati. Chichitikireni ngozi ija, matope atatsika m'phiri la Ndirande n'kukokolola nyumba yawo pamodzi ndi mwana wawo Mphatso, tulo sakuona, anthu sakuwafuna. Pa abale tonse, chitseko ankatsegulira ine ndekha. Ndipo dzinja linali pakhomo.

Minibasi ya m'tauni ndinalipira K1,500, kondakitala akulumbira pali mayi ake kuti mafuta wagula pabulaki. M'tauni ndinakwera ya ku Machinjiri imene inkaoneka yodzaza, koma theka la anthuwo anali oitanira, omangotsika mmodzimmodzi pasenjala weniweni akabwera. Ndinadya mandasi awiri, ozizira ngati a dzana, tisanasunthe n'komwe.

Pambali panga panakhala mayi wina ndi beseni la tomato pamiyendo. Anandiona ndikuseweretsa foni.

"Ndi nyimbo za kutchalitchi zimenezo, asisi?"

"Ayi mayi, ndi yothandiza munthu akamaganiza kwambiri."

"Ndiye Blantyre yense muli naye. Imadya bandulo?"

Pamenepo ndinadzimva ndithu. Ndinawauza kuti siifuna bandulo, siifuna kuwerenga, batani ndi limodzi lalikulu chifukwa maso a achemwali anafooka, ndipo mawu ake ndi a Chichewa chathu chomwechi. Ndinadina kuti amve okha. Foni inati, "Khalani bwinobwino. Tsekani maso."

"Nditseke maso muminibasi muno?" anatero mayiwo. "Potsegula ndipeza foni yapita, ndi tomato yemwe."

Minibasi yonse inafa nacho chiseko, ine ndemwe. Chinatha titayamba kulambalala phiri. Zipsera zake zikadalipo, mizere yofiira yotsika mpaka m'nyumba za anthu. Ndinayang'ana kumbali.

Dzuwa lili pamutu ndinatsika ku Machinjiri n'kukwera kabaza wa K1,000, mnyamata wothamanga ngati wabera munthu. Pofika, ndinaona kuti alamu anga ayala udzu ndi masaka akale pamwamba pa malata onse. Ndinangoti n'chifukwa cha kutenthaku.

Achemwali anatsegula. Anali atatha, chitenje chikuwazungulira kawiri.

"Wabwera, Tadala."

Tinakhala pamkeka, mawindo ali otseka. Ndinawaveka mahedifoni, batani anadina okha osandifunsa. Ndinawaona akukoka mpweya, akuutulutsa, mapewa akutsika pang'onopang'ono. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndinati basi, chaka chija sichinapite pachabe.

Koma mawu aja akatha pamabwera kaphokoso kogonetsa munthu. Mapulogalamu akunja amaika mafunde a m'nyanja, ife tinafuna chakwathu. Ndine ndinasankha, ndipo ndinajambula ndekha: mvula yoyamba ikugwa pamalata. Tili ana, ine ndi achemwali tinkagona mkeka umodzi, ndipo palibe chinkatigonetsa msanga kuposa mvulayo.

Achemwali atangoimva, anazula mahedifoni n'kutulukira panja opanda nsapato. Anaima pabwalo, dzuwa lili phwee, maso ali kuphiri, akukuwa, "Mphatso! Tuluka! Mphatso!" Aneba anatuluka. Alamu anathamanga kuchokera kudimba n'kuwagwira, akuwanong'oneza mpaka anasiya kukuwa. Atawalowetsa kuchipinda, alamuwo anatola hedifoni imodzi n'kuiika kukhutu. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangoloza padenga.

"Alamu, udzu uwu mumati ndayalira chani? Ndi woti ikamagwa asamaimve."

Ndinagogoda pachitseko cha kuchipindako. "Achemwali, ndine. Inali ya m'foni chabe." Ndinamva akusuntha mkati, kenako loko analira. Ndinakhala pakhonde mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamsewu, koma sanatsegule.

Pobwerera sindikukumbuka kuti ndinalipira zingati. Ndinkangoganiza kuti tinasamala za maso awo, za thumba lawo, za chilankhulo chawo, koma sindinakhalepo nawo pansi n'kuwafunsa chimene amamva akatseka maso. Ndinapangira mankhwala mchemwali amene ndinkagona naye pamkeka kale lija, osadziwa kuti ameneyo anapita ndi matope aja. Mtima unandiwawa ngati ndabayidwa.

Mvula ya m'foni ndinaifufuta ndi chala chimodzi tisanafike m'tauni. Pamwamba pa phiri la Ndirande mitambo inali itayamba kuda, ndipo tsopano palibe wa kwathu amene achemwali angamutsegulire chitseko mvula ikadzayamba.