Tsiku limene agogo anapumitsa mwendo pa ntchito

Fungo la petulo likasakanikirana ndi la mankhwala opaka a nyamakazi, ine ndimaona agogo anga aamuna, a Mbewe, atagwira chiwongolero cha pikiapu yawo yoyera m'mamawa, injini ikutsokomola utsi pabwalo la nyumba yathu ku Old Town, iwo atapendeketsa mutu ngati munthu womvetsera nkhani ya m'chipinda china. Sankachoka pakhomo injini isanatenthe. Ankati galimoto yodzutsidwa mwankhanza imabwezera pa mafuta.

Agogo anayendetsa galimoto za boma ku Capital Hill kuyambira mayi anga asanabadwe, ndipo atapuma pa ntchito anagula pikiapu ija n'kuyamba kunyamula mabelo a kaunjika a azimayi a mumsika wa Tsoka. Ine ndinali ku pulayimale. Sukulu tikatsekera ndinkakhala pampando wakutsogolo tsiku lonse, chifukwa mayi ankagwira ntchito ku City Centre, agogo aakazi anali atamwalira, ndipo pakhomo panalibe wondiyang'anira. Agogo ankanditchula kuti "akazi anga aang'ono", ndipo azimayi a ku Tsoka anatengera dzinalo mpaka ena sanadziwe langa lenileni.

Munthuyo ankayendetsa galimoto, ndipo sindikukometsa chifukwa ndi agogo anga. Giya ankasintha ndi khutu. Mwendo wamanzere ndi dzanja lamanzere zinkayendera limodzi, kilachi pansi, giya, kilachi m'mwamba, mofewa moti ukanatha kunyamula kapu ya tiyi pamiyendo osataya. Akaona maloboti ofiira patali ankachotsa phazi pamoto n'kuisiya galimoto kuti ikafike yokha, ndipo dalaivala wothamanga n'kukaponda buleki mwadzidzidzi ankamuyang'ana mwachisoni, n'kunena kuti akuwotcha ndiwo za ana ake.

Koma mukafuna kuwaputa, mungotchula otomatiki. "Zopondera ziwiri ndi za njinga," ankatero. "Galimoto yodzisankhira yokha giya imamwa ngati ili pa ukwati wa eni. Angaiuze ndani kuti yakwana?" Mawuwo anali ndi choonadi chake, pakuti maotomatiki akale aja ankamwadi mafuta kuposa a manyuwo. Kungoti agogo ankainena nkhaniyi ngati ndi chiphunzitso cha mpingo.

Bondo lamanzere ndi limene linawaukira. Linayamba ndi kuuma m'mawa, kenako kutupa nyengo yozizira, kenako ndinkawamva akupumira m'mano nthawi iliyonse akaponda kilachi yolimba ya pikiapu ija. Tsiku lina masana tinachoka ku Tsoka titadzaza mabelo, n'kukodwa mumzere wa galimoto pachitunda chochokera pamlatho, dzuwa likuwotcha, ogulitsa zinthu akudutsa pakati pa galimoto, mahutala akulira mbali zonse. Pamalo otere mwendo wamanzere supuma. Ndinaona bondo lawo likunjenjemera, kenako phazi linaterereka, injini inazima, ndipo pikiapu inabwerera m'mbuyo n'kukagunda minibasi. Sipanawonongeke kanthu koposa nyali imodzi. Chimene chinawononga chinali pakamwa pa kondakitala, mnyamata woti agogo akanatha kukhala agogo ake, amene anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Madala, kapumeni kunyumba, msewu si wa penshoni."

Mayi atamva anatenga makiyi a pikiapu n'kuwaika m'chikwama chawo. Agogo sanakangane nawo, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Anayamba kukhala pakhonde kuyambira m'mawa, atavala jekete ngati pali kumene akupita, wailesi ikulankhula iwo osaimva. Anasiya kunditchula dzina lija. Munthu amene ankadziwa dzenje lililonse la mumsewu wa Malangalanga anayamba kufunsa kuti lero ndi lachingati.

Ndiye mayi anabwera ndi kagalimoto kofiirira kochokera ku Japan, kokhala ndi malo a katundu kumbuyo, kamene mnzawo wa kuntchito ankagulitsa. Kanali ka otomatiki.

"Ababa, n'kosavuta," anatero mayi. "D ndi kutsogolo, R ndi kumbuyo, basi."

"Ndiye ine ntchito yanga ndi chiyani?"

"Kuyendetsa."

"Ndi mmene mafuta akuvutiramu, ukufuna undipatse chidakwa?"

"Injini yake ndi yaing'ono, Ababa, si zakale zija. Mukakayendetsa bwino, makiyi ndi anu. Kakakukanikani, laisensi tiika musutikesi, ndipo musadzandinene kuti ndine mwana woipa."

Ngakhale ine mwana ndinadziwa kuti nkhani sinali mafuta. Agogo ankachita manyazi. Ankaopa kuti anzawo akale a ku Capital Hill adzawaona m'galimoto imene wophunzira aliyense angayendetse tsiku loyamba. Kagalimotoko kanakhala pabwalo masabata angapo, nkhuku zikubisala pansi pake, mpaka tsiku limene agogo anaona mabelo a makasitomala awo akudutsa pagalimoto ya munthu wina. Lamlungu lotsatira titaweruka kutchalitchi anauza mayi kuti, "Tiye nako kumene kulibe anthu ondidziwa."

Mayi anatiyendetsa mpaka ku Area 10, kumene misewu imakhala zii masana a Lamlungu, mipanda italiitali mbali zonse, mitengo ikugwetsa maluwa pa tala, agalu akuuwa kuseri kwa mageti, alonda atakhala pamipando ndi timawailesi tawo. Anasinthana malo. Agogo anali mu nsapato zawo zakuda za kutchalitchi, zopukutidwa mpaka kuwala. Anakonza galasi, anakoka ndodo kufika pa D ngati akugwira chinthu chonyansa, ndipo tinanyamuka bwinobwino.

Vuto linabwera injini itakweza mawu. Khutu la agogo linamva kuti nthawi ya giya yachiwiri yakwana, mwendo wamanzere unadzuka wokha kukafuna kilachi, ndipo unapeza buleki, imene m'galimoto zoterezi imakhala yotambalala. Anaiponda mpaka pansi monga amapondera kilachi. Galimoto inaima ngati yagunda khoma. Ine ndinakamenya chipumi pampando wa mayi, chikwama chawo chinakhuthukira pansi, ndipo mlonda wina wa pageti lapafupi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Agogo anachotsa phazi pa buleki. Ananyamukanso, tinayenda pang'ono, ndipo pofika pamphambano mwendo uja unachitanso zomwezo. Ulendo uno mayi anagwira dashibodi ndi manja onse. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ababa, mwina tidzayese tsiku lina." Tonse atatu tinadziwa kuti tsiku linalo kunalibe. Mtima wanga unawawa, chifukwa ndinaona khonde lija likuwadikirira.

Agogo anaimika galimoto pamthunzi n'kutsegula chitseko. Ndinaganiza kuti akutsika. Koma anawerama, anamasula zingwe za nsapato yakumanzere mosapupuluma, anaivula n'kuilowetsa pansi pa mpando. Kenako anapinda mwendowo kuubweza m'mbuyo, kutali ndi zopondera, n'kusisita bondo lotupa lija.

"Achimwene," anauza mwendowo, "mwagwira ntchito mokhulupirika. Boma lathokoza. Kuyambira lero mwapuma."

Ine ndinaseka, koma ndinasiya nditaona mayi atatembenukira kuwindo akupukuta m'maso. Mayi anadzandiuza patapita zaka kuti amenewo anali pafupifupi mawu omwe agogo anauzidwa tsiku lowatsanzika ku Capital Hill, ndipo kuti tsikulo atafika kunyumba sanadye.

Phazi la sokosi lokha silinapitenso ku buleki. Likati lidzuke, linkamva kuti lilibe nsapato n'kukumbuka. Tinazungulira Area 10, tinadutsanso pa mlonda uja agogo n'kumuimikira dzanja ngati nduna, tinatsikira ku City Centre, tinadutsa mmunsi mwa Capital Hill, mpaka ku Old Town. Pachitunda cha pamlatho panali mzere ngati kale. Galimoto inaima, inanyamuka, inaimanso, osabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono, bondo lili phee. Titafika pakhomo anazimitsa injini n'kuika makiyi m'thumba la jekete osafunsa munthu.

"Akazi anga aang'ono," anatero, "tanditengereni nsapato."

Sipanapite nthawi anatulukira kuti akafewetsa phazi pamoto panthawi yake, galimotoyo imakweza giya msanga. "Kani imamva," anandinong'oneza tsiku lina, ngati akuulula chinsinsi cha mdani. Mabelo anabwerera, ochepa pa ulendo umodzi koma tsiku lililonse. Kumalo omwetsera mafuta ankapitako mwa apo ndi apo kusiyana ndi nthawi ya pikiapu, ndipo mayi sanalephere kuwaputa.

"Ababa, nanga chidakwa chija?"

"Si galimotoyi ayi. Ndi phazi langa lamanjali."

Sanavomerepo kuti analakwitsa, ndipo ine sindinganene kuti analakwitsa kwenikweni. Lero anzanga kuntchito akamakangana za manyuwo ndi otomatiki, ndimawauza kuti galimoto za masiku ano sizisiyana kwambiri pakamwedwe, ayambe ayang'ana phazi la woyendetsa. Amaganiza kuti ndinawerenga penapake.

Agogo anayendetsa kagalimoto kaja mpaka ine nditamaliza sekondale. Nthawi zina ankaiwala n'kutsika pa Tsoka ndi nsapato imodzi, azimayi n'kuwafunsa ngati inayo agulitsa. Atamwalira, tsiku logawa zovala zawo, abale anapeza nsapato yakuda yakumanja yokha ndipo anasanthula nyumba yonse. Ine ndinatuluka, ndinatsegula chitseko cha dalaivala, ndinapisa dzanja pansi pa mpando. Yakumanzere inali pomwepo, zingwe zili zomasula.

Sindinaibweze m'nyumba, ndipo ili kwanga mpaka lero. Ndikaiyang'ana sindimva chisoni kwenikweni, ndimanyada. Kondakitala uja anawauza kuti akapume, iwo anapumitsa mwendo umodzi wokha.